Waya wa pa Munda wa Alamu

Mkazi wanga amati mkwiyo wanga uli ngati basi yochokera ku Lusaka: umafika anthu atatopa kudikira n'kubwerera kwawo. Sanama. Munthu akandiponda chala Lolemba ndimakwiya Lachinayi, ndipo pofika Lachisanu ndimakhala nditayamba kumumvera chisoni. Koma pali nkhani imodzi imene mkwiyo wake unafika n'kutsitsa katundu, ndipo mpaka lero sunanyamuke. Ndi nkhani ya waya.

Kwathu ndi ku Mphuka, m'mbali mwa Zambezi. Mapira akayamba kuweramitsa mitu, njovu zimadziwa tsiku lomwelo ngati pali amene amaziimbira foni. Nyengo imeneyo amuna sagona m'nyumba. Amagona pa chilindo, kansanja ka m'munda, ali ndi chitini, mluzu ndi moto, kuti zikabwera azibweze ndi phokoso.

Ine sukulu ndinalekezera giredi seveni, koma kuwerenga ndinakana kuleka. Ndimawerenga nyuzipepala yokulungira nsomba, kapepala ka m'bokosi la mankhwala, ngakhale zolembedwa pa thumba la feteleza. Chaka china ndinatola kabuku kopanda chikuto konena za njovu. Kankati mukasakaniza tsabola ndi oyilo wakale wa injini, n'kupaka pa chingwe ndi pa sanza, n'kuzungulizira munda, njovu imanunkhiza n'kubwerera. Ndinayenda mudzi wonse kulalikira za tsabolayo ngati ndinamulenga ndine.

Woyamba kutembenuka mtima anali alamu anga, mlongo wake wamkulu wa mkazi wanga. Iwo anaonjeza nzeru zawo. Anati chingwe n'chamasewera, njovu imadula ngati ulusi, ndiye anapeza waya. Anapachikapo zitini zokhala ndi timiyala kuti ukagwedezeka zizilira. Vuto linali limodzi. Munda wawo uli mbali zonse ziwiri za kanjira kachidule kochokera ku msewu waukulu kulowa m'mudzi. M'malo mozunguliza minda iwiri, ankangodutsitsa waya pakati pa njirayo, kuchoka pa mtengo uwu kukafika pa uwo, msinkhu wa pachifuwa cha munthu woimirira. Ankaumanga dzuwa likalowa, n'kuumasula m'mamawa. Ife a kumtunda kwa mudzi tinkadziwa tonse. Ndilembe poyera kuti ndisadzakane: inenso ndinkadziwa. Tsabola woyamba wa pa waya umenewo ndinasinja ndine.

Mnzanga amakhala kumunsi, kudooko, ndipo za wayayo sanazimvepo. Tinakula limodzi, timaitanana kuti shamwali. Poyamba ankapalasa bwato kuolotsa anthu kupita ku Zumbo. Kenako anagula njinga yamoto, n'kumanyamula nsomba zouma ndi anthu. Anyamata a njinga analipo ena, koma mayi woyembekezera akayamba kumva kupweteka pakati pa usiku, amene ankamugogodera kuti athamangire naye kuchipatala ku Katondwe anali iyeyo. Chifukwa chake chinali chimodzi chokha: sankamwa. Ngakhale pa ukwati ankangogwira botolo la zotsekemera ngati mwana wa sukulu. Amayi a m'mudzi ankati, "Uyo nthawi iliyonse mutu wake uli pamalo pake." Chuma chake chenicheni chinali mawu amenewo. Njinga inali chitsulo chabe.

Tsiku lina ndinamupempha kuti andiperekeze ku boma. Mphunzitsi wina wopuma pantchito ankasamuka, ndipo anatumiza uthenga kuti ndikasankhe mabuku amene ndikufuna. Kuuza munthu ngati ine kuti "sankha" n'kumuyesa dala. Ndinakhala pansi pakhonde, buku lililonse kutsegula kuti ndingoona tsamba loyamba, n'kupezeka ndili pa tsamba la makumi awiri.

"Shamwali, dzuwa," anatero mnzanga.

"Manje manje."

Anapita kukaona anzake kumsika, anabwera. "Shamwali, kodi ufuna uwamalize onse pano kuti tisanyamule?"

"Latsala limodzi chabe."

"Iwe ukadzamwalira adzakuika ndi chala chili pakati pa buku. Tiye!"

Tinanyamuka kutada. Katoni ya mabuku ndinaifungatira pakati pa iye ndi ine ngati khanda. Titayenda ndithu tinakumana ndi munthu wa njinga yakapalasa akubwera mwaliwiro. Anatiimitsa n'kunena kuti njovu zaima pa kamlatho kutsogoloko, zili ndi ana, tisayerekeze. Mnzanga anazimitsa injini n'kunena kuti tidikire zichoke. Ine ndinkamva njala, komanso ndinkafuna kukafika ndiyatse nyali ndipitirize pamene ndinalekezera.

"Tidutse chidule cha kwa alamu," ndinatero. "Ndi kwathu uku, njira ndiidziwa ngati chikhatho changa."

"Ndi yabwino?"

"Yosalala. Ponda moto."

Mawu amenewo ndawabwereza m'mutu mwanga kambirimbiri. Za waya sindinaganizeko n'komwe. Mutu wanga unali m'katoni.

Sindinaone kanthu. Ndinangomva mnzanga akundigunda ndi msana wake wonse, katoni ikuphulika pachifuwa panga, kenako ndili m'malere, kenako khu! pansi. Njinga inapita yokha patsogolo, inagwa cham'mbali, inalira pang'ono n'kuzima pamodzi ndi nyali yake. Mdima bii. Pamwamba pathu zitini zonse za alamu zinkalira nthawi imodzi.

Ndiye panachitika chinthu chimene anthu a kutauni amaseka ndikawauza, koma ine sindiseka. Olinda minda anamva zitini n'kudziwa chinthu chimodzi chokha chimene zitini zimatanthauza.

"Zalowa! Zalowa!"

Chilindo chilichonse chinadzuka. Ng'oma, mapoto, malikhweru, agalu, wina ndi lipenga la kumpira. Ndinakuwa kuti, "Ndife anthu! Ndife anthu!" koma ndani akanamva? Phokoso limenelo analikonzera nyama yaikulu ngati nyumba. Dzanja langa lamanja linali litapindika molakwika. Ndinakwawa ndi linalo, ndikupapasa udzu ndi mabuku, mpaka ndinagwira mwendo wa mnzanga. Sankayankha. Ankapuma ngati madzi akulowa m'chipanda. Nditamugwira pakhosi, chikhatho chinanyowa n'kutentha.

Kenako zikuni zamoto zinayamba kutigwera. Ankaponya kuchokera pa chilindo cha alamu, monga amachitira kuti njovu ibwerere. Chimodzi chinandipsetsa tsitsi. China chinagwera pa buku lalikulu lotanthauzira mawu, limene ndinalinyadira kuposa onse, n'kuliyatsa. Moto wa buku limenelo ndi umene unandionetsa khosi la mnzanga: mzere wotseguka kuchokera pansi pa khutu kudzera pammero. Ndinavula malaya ndi mano ndi dzanja limodzi, n'kutsindikiza pabalapo. Ndipo moto womwewo ndi umene unaonetsa a pa chilindo kuti njovu yawo ili ndi mawilo.

Phokoso linatha pang'onopang'ono. Alamu anafika ndi tochi. Anaunika ine, anaunika mnzanga, anati, "Mayo ine." Kenako anachotsa kuwala pa ife n'kuunika mtengo.

"Alamu, gwirani apa! Dzanja langa latopa!"

"Dikirani, alamu, nichotse ichi choyamba."

Ndinawamva akulimbana ndi mfundo ya waya. Anamasula mbali iyi, anadutsa pafupi ndi mutu wa munthu amene akutha magazi, anakamasula mbali inayo. Anachotsa zitini chimodzichimodzi. Anaukulunga bwinobwino pa chigongono, monga munthu wosamala katundu wake, n'kukauponya pakati pa mapira. Pamene anthu ena ankafika akuthamanga, alamu anali atagwada pambali panga akulira mokweza kuposa aliyense. Zaka zapita, koma ndikatseka maso ndimaonabe chigongono chimenecho chikuzungulira.

Anthu anazula chitseko n'kumunyamulirapo mpaka kumsewu. Galimoto ya ogula nsomba inatitenga kupita ku Katondwe. Kumeneko anagwira ntchito usiku wonse ndipo anamupulumutsa. Ine anandiika pulasitala n'kundiuza kuti ndili ndi mwayi. Namwino wina akulemba anafunsa kuti, "Chamudula chonchi n'chiyani?"

Ndisanatsegule pakamwa alamu anayankha. "Anaphonya njira, asisitala. Analowa m'mitengo ya minga."

Namwinoyo anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana pulasitala wanga. "Kunali mdima," ndinatero. "Sindinaone."

Linali bodza lovala zoona, mtundu wa bodza umene timaudziwa ife owerenga.

Nditabwerera kunyumba mkazi wanga anandigwadira, chinthu chimene sachita kawirikawiri. Anati achimwene ake ali ndi ana asanu, nkhani ikafika kupolisi adzawatenga mapira ali m'munda, ndiye ana adzadya chiyani? Anati munthu sanafe, Mulungu wachita kale mbali yake. Ndinavomera msanga kuposa mmene iye ankayembekezera. Ndinkadziuza kuti ndikuteteza ana a alamu. Amene ndinkamuteteza kwenikweni anali munthu uja anati "yosalala, ponda moto." Olinda anzawo a alamu nawonso anakhala chete, poti aliyense anali ndi kawaya kake penapake, ndiponso aliyense anaponyako chikuni.

Koma mudzi sukhala ndi dzenje lopanda kanthu, umathiramo zinyalala. Munthu wodziwa njinga chotere angaphonye bwanji njira yowongoka? Wina anati ankanunkha. Ankanunkhadi petulo ndi magazi, koma pofika kudooko fungo lija linali litasanduka kachasu wa masau. Alamu sananenepo kuti analedzera, ayi, iwo ndi munthu wa kutchalitchi. Ankangopukusa mutu n'kumati, "Ine sindinganene zimene sindinaone. Koma ku boma munthu sachedwa pachabe." Ndinawamva ndi makutu anga akunena zimenezo pa maliro, ine ndili pompo, dzanja lothyoka lija nditalikolekera m'khosi. Anthu ananditembenukira kuti nditsimikize. Ndinamwetulira kumwetulira kwanga kuja kwa munthu wofatsa. Kufatsa! Anthu akhala akunditamanda nako moyo wanga wonse, ndipo tsiku limenelo ndinaona kuti kwina kumangokhala mantha osamba bwino.

Mnzanga anatuluka m'chipatala patapita masabata angapo. Mawu ake sanabwerere. Munthu amene ankaitana bwato lili pakati pa mtsinje, tsopano ankalankhula monong'ona ngati tsamba louma likukwekwereka. Za usiku uja ankakumbukira mpaka pamene tinakumana ndi wa njinga yakapalasa, basi. Njinga anaikonza yekha. Ankapita m'mawa uliwonse pansi pa mtengo wa bwemba pamene a njinga amadikirira anthu, ndipo amayi ankamupatsa moni mwaulemu n'kukwera ya wina. Usiku wina mwana wa mlongo wake weniweni anadwala pakati. Anadutsa pakhomo pake n'kukagogoda kwa mnyamata wina amene aliyense amadziwa kuti amagona kumowa. Zimenezi ndinazimva, ndipo ndinapitiriza kuwerenga.

Masana ena ndili pakhonde ndinamva njinga ikuima. Anatsika ndi thumba la saka, analiika pamapazi anga. Munali mabuku anga, amene anatsala. Ena chiswe chinali chitadya m'mbali, ena anafufuma ndi mame.

"Ndinapita pamalo paja," ananong'ona. Ndinachita kuweramira kuti ndimve. "Ndinafuna kuona mtengo umene ndinagunda. Ndayang'ana, ndayang'ana, sindinaupeze. Ndapeza awa mu udzu."

Ndinati zikomo.

"Mowa sindinamwe, iwe udziwa. Koma kapena ndinasinza. Ndaganiza, palibenso china. Ndinasinza ndili ndi munthu kumbuyo." Anameza malovu movutika. "Ndikanakupha, shamwali. Dzanja lako, mabuku ako. Undikhululukire."

Ndipo ine, mwana wa mayi anga, ndinamugwira paphewa ndi dzanja langa labwino n'kunena kuti, "Osadandaula, shamwali. Ngozi ndi ngozi."

Ndinamukhululukira! Ndinamukhululukira mokoma mtima, ndi mawu ofewa, ngati m'busa. Anandithokoza, anakwera njinga n'kumapita. Ndinakhala pamenepo ndi thumba la mabuku pamiyendo. Mawu onse amene ndatola m'moyo wanga, a m'nyuzipepala ndi a pa matumba a feteleza, sanandithandize kutchula limodzi lalifupi loti waya.

Mkazi wanga anali kuseri akupeta mapira, ndipo anamva zonse. Kunada, tinadya. Akutola mbale anaima n'kunena osandiyang'ana.

"Ine ndinakupemphani kuti mukhale chete. Sindinakupempheni kuti mumukhululukire."

Anafika pakhomo ndi mbalezo n'kutembenuka.

"Waya uja uli pa denga la nkhokwe ya achimwene," anatero. "Mbali ya kum'mawa."

M'mamawa ndinapita. Alamu anandipeza nditakwera pa mtondo, ndikusolola wayayo m'udzu wa denga ndi dzanja limodzi. Unali ukadali wakuda ndi oyilo, sanza za tsabola zikulendewera.

"Alamu, n'chiyani manje?"

"Ndabwereka."

"Muganize bwino. Mwakwatira m'nyumba muno. Ndipo nzeru za tsabola anabweretsa ndani? Njira anasankha ndani? Mukanditchula mwadzitchula."

"Ndiyambira pa ine," ndinatero. "Inu mubwera pachiwiri, musadandaule. Koma ndidzanenanso chimene munayamba kugwira usiku uja, pakati pa munthu ndi waya."

"Ndinasokonezeka mutu!"

"Munthu wosokonezeka mutu sachotsa zitini chimodzichimodzi."

Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuyankha munthu tsiku lomwelo.

Pansi pa bwemba panali anthu ambiri, poti mabwato anali atangofika ndipo amayi ogula nsomba ankamanga mitolo. Mnzanga anakhala pa njinga yake cha kumapeto, yekha. Ndinaponya wayayo pakati pa bwalo. Ndinali nditakonza mawu abwino m'njira, okhala ndi mutu ndi mchira, koma onse anathawa. Ndinangokuwa. Ndinati munthu uyu sanamwe, sanasinze, sanaphonye njira. Ndinati ndinamuchedwetsa ndine, njira ndinamulozera ndine, ndikudziwa kuti pali waya. Ndinati chinamudula ndi ichi, mwini wake mukumudziwa, ndipo amene ankaponya moto usiku uja ena muli pompano mukundiyang'ana. Ndinati amene akukayika atenge ayerekeze ndi chipsera.

Mayi wina wachikulire wogulitsa nsomba anatola nsonga ya wayayo, ananunkhiza, anayetsemula. "Tsabola," anatero. Kenako ananditembenukira. "Nanga inu abambo a mabuku, masiku onsewa pakamwa panali pulasitala?"

Ena anaseka. Mnzanga sanaseke. Anatsika pa njinga, anabwera, anatola wayayo n'kuuyendetsa pakati pa zala. Kenako anagwira khosi lake. Anandikodola kuti ndiweramire pafupi, poti kukuwa sakanatha.

"Dzulo," ananong'ona. "Dzulo unandigwira paphewa."

"Shamwali..."

"Usanditchule choncho pano."

Kupolisi sanapite. Anati mawu ake sangabwerere ndi pepala. Wayayo anautenga, ndipo uli pakhoma m'nyumba mwake mpaka lero. Olinda minda anagwirizana okha kuti panjira pasadzadutsenso waya, ndipo ankalankhula ngati nzeruyo anali nayo kalekale. Alamu sanapepese. Amati ndinawavula pagulu chifukwa cha munthu wakudooko, ndipo tikakumana pa maliro amapatsa moni mpando umene ndakhalapo. Mkazi wanga amapita kwawo yekha.

Dzina la mnzanga linabwerera, koma osati lonse. Bodza linayenda pa njinga, choonadi chinatsatira wapansi, ndipo kumidzi yakutali alipobe amene amati, "Si uja anagwa ataledzera?" Ndikamva zimenezo ndimaima, kaya ndi pamsika kaya pa maliro, n'kuyamba nkhani yonse kuyambira pa kabuku kopanda chikuto. Anthu atopa nane. Atope.

Patapita miyezi iwiri chichitikire za pa bwemba, ndinamva njinga ikudutsa kuseri kwa nyumba yathu usiku, ikulowera ku Katondwe, mayi akubuula kumbuyo ndi wina womugwirizira. Kulira kwa injini imeneyo ndimakudziwa. Ndinadzutsa mkazi wanga kuti amve. "Amugogodera," ndinatero. Iye anati wamva, ndigone.

Ine sanandikwezenso. Tikakumana amakweza dzanja, ine ndimakweza langa lopindikali. Ku boma ndimapita wapansi mpaka kumsewu n'kudikira galimoto. Chaka chatha anandipeza ndikuyenda dzuwa lili pamutu, ndili ndi mabuku awiri m'khwapa. Anachepetsa liwiro, anayenda pambali panga pang'ono, mpando wakumbuyo uli wopanda munthu. Anayang'ana mabukuwo, anayang'ana ine.

"Njira ili bwanji kutsogoloku?" ananong'ona.

"Sindidziwa," ndinatero.

Anagwedeza mutu ngati ndayankha bwino, n'kuponda moto. Ndinatsala m'fumbi lake, ndikutukwana alamu, ndikutukwana tsabola, ndikudzitukwana ndekha, mpaka ndinakafika kumsewu.